Gulu la alimi limayankha kwa ndani?

M'midzi yathu ya m'mbali mwa nyanja, galimoto ya bungwe lomwe si laboma ikafika, mawu oyamba amakhala akuti: "Pangani gulu." Madzulo asanafike, wapampando, mlembi ndi msungichuma asankhidwa kale, mayina alembedwa m'kaundula. Zaka zitatu zikatha, pulojekiti imatseka ndipo gulu lija limazilala ngati moto wa mapesi. Timathamangira kunena kuti anthu ndi aulesi. Ine ndikuona kuti funso lagona pena: kodi anthu osonkhanitsidwa ndi ndalama za mlendo amakhala ndi mangawa kwa ndani, kwa anzawo kapena kwa mlendoyo?

Akuluakulu akukumbukira makalabu a alimi a nthawi ya SACA, bungwe la boma lomwe linkakongoza mbewu ndi feteleza. Lamulo linali lakuti mmodzi akalephera kubweza, kalabu yonse isalandirenso ngongole. Kwa zaka zambiri alimi ankabweza mokhulupirika, mpaka mbiri yake inamveka kunja kwa dziko. Kenaka kunagwa chilala cha 1992, kunabwera riferendamu ya 1993, mantha a ulamuliro wa chipani chimodzi anachoka, ndipo anthu ambiri analeka kubweza. SACA inagwa, ntchito yake n'kutengedwa ndi Malawi Rural Finance Company mu 1994. Chimene ambiri ankachitcha umodzi chinali, mbali yaikulu, kuopa kulandidwa mbuzi ndi njinga.

Ku nyanja ya Malombe phunziro lake ndi lowawa mwa mtundu wina. Chambo chitasowa, boma mothandizidwa ndi mabungwe akunja linakhazikitsa makomiti a m'madoko mu 1993 kuti asodzi azitetezera okha nsomba. Ganizo linali labwino. Koma asodzi ambiri ankaona makomitiwo ngati maso a Dipatimenti ya Usodzi, ndipo chambo sichinabwerere monga kale. Yerekezani ndi chilumba cha Mbenji ku Salima, kumene ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Mowa ndi juga n'zoletsedwa pachilumbapo, ndipo wophwanya lamulo amathamangitsidwa. Palibe amene analandira alawansi kuti lamuloli libadwe. Msodzi wa utaka amalisunga chifukwa amene adzamuweruze ndi anthu omwe adzakumane nawo mawa padoko, kumaliro ndi kuukwati.

Sindikunyoza mabungwe. Amene anaona njala ya 2002 kapena namondwe Freddy mu 2023 akudziwa kuti thumba la ufa lofika nthawi yake ndi moyo wa mwana. Pa ngozi, wopereka apereke msanga, asafunse zambiri. Chitukuko ndiye china. Mlangizi wa bungwe, ngakhale akhale wa mtima wabwino chotani, lipoti lake limapita ku Lilongwe, kuchoka apo n'kuwoloka nyanja zazikulu. Gulu limene iye wapanga limaphunzira msanga kuyang'ana komweko. Limadziwa mawu okondweretsa alendo, limadziwa munda woyenera kujambulidwa. Uku si kuba ayi, komabe ndi bodza laling'ono limene limadya gulu pang'onopang'ono ngati nankafumbwe m'nkhokwe. Mjigo ukathyoka, anthu amati "mjigo wa bungwe wafa", n'kubwerera kukatunga kunyanja, pomwe chawonongeka ndi kalabala kakang'ono koti mabanja khumi akanasonkherana.

Chodabwitsa n'chakuti gulu lolimba kwambiri m'midzi lero linabweranso ndi mabungwe omwewa. Banki mkhonde inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo kuno yafalikira mpaka m'midzi imene mlangizi sanapondemo. Kusiyana kwake n'kumodzi: bungwe linabweretsa njira yokha, ndalama za m'bokosi ndi za amayi eni ake. Msungichuma akasokoneza, sadikira wofufuza wochokera kutauni. Amene anamusungitsa ndalama za usipa wawo ali pakhomo pake m'mawa womwewo.

M'mabanja athu banki mkhonde ili ndi funso lake lolemera, la chiwongoladzanja, chimene chipembedzo chathu chimaletsa. Mkangano umenewu sunathe, ndipo suyenera kubisidwa. Koma taonani kumene ukuchitikira: pamkeka, pakati pa eni ndalama, ndi kwa mashehe a m'mudzi momwemo. Mamembala atagwirizana kuti azikongozana popanda kuonjezera kanthu, kapena kuti ndalamazo azigulira mpunga pamodzi n'kugawana phindu ndi kuluza komwe, palibe ofesi imene angafunike kukapemphako chilolezo.