Kodi Ntchito Yaing'ono Iwerengedwa?

M'mwezi wa September chaka cha 2015, mayiko 193 a m'bungwe la United Nations anasonkhana ku New York, nagwirizana pa zolinga 17 za chitukuko zoti zikwaniritsidwe pofika chaka cha 2030. Zolingazo ndi zazikulu ndithu: kuthetsa umphawi ndi njala, kufikitsa madzi abwino kwa anthu onse, kuphunzitsa mwana aliyense, kusamala nkhalango ndi nyanja. Komatu lipoti la bungwe lomwelo la mu 2024 linaonetsa kuti mwa mfundo 100 zilizonse zimene zinatheka kuyesedwa, 17 zokha ndizo zinali kuyenda monga mwa pangano.

Tsono taganizirani wophunzira wa pa koleji amene wamva zimenezi. Ndalama ya lendi sinakwane, nkhomaliro yake ndi mandasi awiri. Anzake amuitana kuti akapereke magazi, kapena akabzale mitengo kuphiri, kapena akathandize ana a pulayimale kuwerenga. Iye afunsa mumtima mwake kuti: Ngati maboma, ndi chuma chawo chonse, akulephera, changachi chidzasintha chiyani? Funso limeneli si la ulesi. Ndi funso la munthu woganiza, ndipo tiyenera kuliyankha moona.

Chiwerengero ndi munthu

Tiyeni titenge cholinga chimodzi, chachitatu, chimene chinena za umoyo. Mwa mfundo zake muli yakuti pofika 2030, amayi omwalira pa zifukwa za uchembere asafike 70 pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'Malawi wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti chiwerengerocho chinali 439. Chimodzi mwa zinthu zimene zimapha amayi ambiri ndicho kutaya magazi akatha kubereka. Mayi wotero alibe masiku odikira; nthawi zina alibe ngakhale maola awiri.

Nanga magaziwo amachokera kuti? Palibe fakitale imene imawapanga. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa mu 2003, limawalandira kwa anthu opereka mwa ufulu wawo, ndipo ambiri mwa iwo ndi ophunzira a m'sukulu za sekondale ndi m'makoleji. N'chifukwa chake sukulu zikatsekera, magazi amasowa m'zipatala. Tchuthi cha December chimafika pamene mvula yayamba ndi malungo akuchuluka, nthawi yomwe ana ambiri amabwera kuchipatala zikhatho zitayera chifukwa chochepa magazi. Ndiponso magazi sasungika ngati chimanga m'nkhokwe: akatha masiku 35 mpaka 42 m'firiji, ntchito yawo yatha.

Wophunzira akagona pa kabedi kaja, amapereka mamililita pafupifupi 450, osakwana ndi theka la lita lomwe. Onani bwino apa. Tikaika thumba limenelo pambali pa chiwerengero cha dziko lonse, silioneka konse. 439 sasanduka 438 chifukwa cha iye. Koma thumbalo silipita kwa chiwerengero. Limapita m'mtsempha wa mayi mmodzi, amene ali ndi dzina, mudzi, ndi khanda lofuna kuyamwa. Kwa chiwerengero, mphatsoyo ndi dontho. Kwa mayiyo, ndi moyo wake wonse.

Apa ndi pamene funso la wophunzira uja liphonya. Liyesa ntchito ndi muyeso wa vuto lonse, pamene muyeso woyenera ndi kusowa kwa munthu amene ntchitoyo yam'fikira. Umphawi wa dziko lapansi si chinyama chimodzi chachikulu chimene tingachiphe ndi mkondo umodzi. Ndi anthu ambirimbiri, yense ndi vuto lake, ndipo yense amathandizidwa payekha.

Gawo lathu la linga

Buku la Nehemiya, mutu 3, lisimba za kumangidwanso kwa linga la Yerusalemu. Owerenga ambiri amaudumpha mutu umenewu, pakuti uli wodzala ndi mayina. Koma mayinawo ndiwo phunziro lake. Osula golide anamanga, opanga zonunkhira anamanga, Salumu anamanga pamodzi ndi ana ake aakazi, ndipo ambiri anapatsidwa gawo loyang'anana ndi makomo awo. Palibe mmodzi anamanga linga lonse. Ngakhale zinali tero, mutu 6 utiuza kuti ntchito inatha m'masiku 52. Mutu 3 womwewo sunabise kuti akuluakulu a ku Tekowa anakana kugwira nawo ntchitoyo; ndipo kukana kwawo kukumbukika kufikira lero.

Titengapo chiyani? Munthu safunsidwa za linga lonse, koma za gawo loyang'anana ndi khomo lake. Udindo wathu ulingana ndi zimene zili m'manja mwathu. Wophunzira sangalembe bajeti ya dziko, koma ali ndi thupi lathanzi, ali ndi maola awiri Lamlungu masana, adziwa kuwerenga ndi kuwerengera, ndipo mawu ake amamveka kumudzi kwawo. Chomalizachi tisachichepetse. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zinafalikira ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, ndipo anthu osalakwa anaphedwa. Kumene mantha otere azika mizu, chilengezo cha pa wailesi sichifika patali. Koma mwana wa m'mudzi momwemo akabwera kutchuthi, naonetsa mkono wake, nafotokoza kumene magazi ake anapita, amalume ndi azakhali amatchera khutu.

Misampha iwiri

Tisadzinyenge, komabe. Si ntchito yaing'ono iliyonse imene ili yabwino chifukwa chakuti ndi yaing'ono. Pali misampha iwiri.

Woyamba ndi wochita zinthu kuti tioneke. Nyengo yobzala mitengo m'Malawi imayamba pa 15 December kufikira pa 15 April. Taona magulu a achinyamata atavala malaya ofanana, akubzala mbande, akujambulitsa, nabwerera akuimba. Pofika October palibe wabwera kudzalambula udzu kuopa moto, palibe watchinga mbuzi, ndipo mbande zauma. Chithunzi chilipo pa Facebook, mtengo palibe. Ntchito yotere inachitidwira wobzala, osati phiri kapena anthu okhala m'munsi mwake. Ndipo anthu a ku Chilobwe, amene anaona matope ndi miyala zikutsika m'phiri la Soche pa namondwe wa Freddy mu March 2023, adziwa kuti nkhani ya mapiri athu si yamasewera. Ndi bwino kubzala mitengo 20 ndi kuisamala zaka 3, kusiyana ndi kubzala 500 ndi kuiiwala. Chimodzimodzinso magazi: wopereka kamodzi wachita bwino, koma amene chipatala chingamudalire ndi iye wobwereranso patapita miyezi 3 kapena 4, ngakhale pa tchuthi, popanda womuombera m'manja. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo; koma mtolowo umakula pokhapokha wotola nkhuni akapitiriza kutola.

Msampha wachiwiri ndi woyesa kuti ntchito yathu yaing'ono yatha zonse. Thumba la magazi silithandiza ngati ambulansi ilibe mafuta, kapena ngati magetsi azima ndi firiji yatentha. Ophunzira sangalowe m'malo mwa boma, ndipo kudzipereka kwawo kusakhale chobisalira cha amene anapatsidwa udindo ndi misonkho ya anthu. Koma onani kuti amene wagwirapo ntchito ndiye amafunsa mafunso oyenera. Wophunzira amene wakhala chaka chathunthu akuthandiza ana a Sitandade 3 kuwerenga adziwa chimene chimachitika mphunzitsi mmodzi akakhala ndi ana odzaza kalasi mpaka pakhomo. Mawa iyeyo adzakhala namwino, mphunzitsi wamkulu, wowerengera chuma, kapena phungu wa Nyumba ya Malamulo. Chimene dzanja linazolowera pa koleji ndicho lidzachita mu ofesi. Wozolowera kunena kuti "changa n'chochepa" adzanenabe chomwecho atakhala pa mpando waukulu.

Kotero yankho lathu kwa wophunzira uja ndi ili. Sitingakulonjezeni kuti zolinga 17 zidzakwaniritsidwa pofika 2030. Zizindikiro zikusonyeza kuti zambiri zidzatsalira. Koma kuchedwa kwa mayiko sikuchepetsa mtengo wa mayi amene akutaya magazi usiku uno. Ntchito yanu iwerengedwa ngati yafika pa munthu weniweni, ngati mubwereranso kukaichita, ndiponso ngati ikuphunzitsani kufunsa chifukwa chake vutolo lilipo. Gawo lanu la linga ndi lalifupi. Mukalisiya, padzakhala mpata, ndipo mpatawo udzayang'anana ndi khomo lanu.

Mafunso okambirana

1. Tchulani chosowa chimodzi chimene chili pa mtunda woyenda pansi kuchokera pamene mukhala. Ndani akuchisamalira? Nanga inu mwaima pati?

2. Tingadziwe bwanji kuti ntchito yachifundo tikuichitira wosowa, osati mbiri yathu? Kodi tikanaichitabe pakanapanda wotiona?

3. Kodi ife akuluakulu timawathandiza motani ophunzira athu kuti changu chawo chisakhale ngati mame, okamuka dzuwa likangotuluka?