Kusungunuka Si Kutha

Mvula ikagwa m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, madzi amatenga zotsalira za masamba owola, zosungunuka kotero kuti diso silingazione. Mitsinje monga Bua ndi Lingadzi imazitsitsira m'Nyanja ya Malawi, ndipo zina zimatsata Shire ndi Zambezi kufikira kunyanja yamchere.

Kodi zotere zimatha liti? Akatswiri apeza kuti pansi pa nyanja zamchere pali zotsalira za zamoyo zimene zakhala m'madzi zaka zoposa 4,000. Kumeneko kulinso akasupe otentha, onga athu a ku Chiweta, koma aukali koposa. Anthu anawaona koyamba m'chaka cha 1977 pafupi ndi zilumba za Galápagos, atatsika mamita 2,500 m'kasitima kotchedwa Alvin. Madzi amalowa m'ming'alu ya miyala natenthedwa, mwina kupitirira madigiri 350. Kafukufuku wa 2015 anasonyeza kuti kutentha kumeneku kumaphwanya zambiri mwa zotsalira zakalekale zimene zili m'madzi odutsa m'ming'aluyo.

Tilingalirepo. Ngati zinthu zochepetsetsa chotere zikhalitsa motero, nanga zochita zathu? Tikatsukira mpope wa mankhwala a fodya mumtsinje, kapena tikaneneza mnzathu pachitsime, timadzitonthoza kuti zapita ndi madzi. Koma kumunsi kuli mwana amene adzamwa madziwo, ndipo bodza lija lidzafika pakhomo pa mwini wake. Chimodzimodzinso chifundo chochitidwa mseri: chimakafika kumene ife sitidzapondako.

Tsono tisanataye kanthu m'madzi kapena m'khutu la mnzathu, tiyambe tadzifunsa: adzatunga ndani?