Maria Anakhalako Miyezi Itatu

Pa 31 Meyi Eklezia akumbutsa ana ake za ulendo wa Maria Virigo Woyera wokacheza kwa mbale wake Elizabeti. Kale tsiku limeneli linali kukumbukiridwa pa 2 Julayi, koma m'chaka cha 1969 analisunthira ku mapeto a mwezi wa Maria. Nkhani yake ili pa mutu woyamba wa Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Luka Woyera. Akhristu ambiri poimva aganizira za nyimbo ya Maria yokha, naiwala nyumba imene Mariayo analowamo.

M'nyumbamo munali mayi wokalamba, wa pakati poyamba, amene anthu anamtcha wouma zaka zambiri. Anali atabindikira miyezi isanu. Mwamuna wake Zakariya anali wosalankhula, pakuti lilime lake linamangika chifukwa cha kukayika kwake. Azamba a masiku ano akadamuona Elizabeti, akadamuika pakati pa amayi ofunika kuwayang'anira kwambiri. Maria anamva za pakatipo pa mwezi wachisanu ndi chimodzi, nanyamuka msanga kupita ku mapiri a Yudeya, ndipo anakhalako ngati miyezi itatu. Wodziwa kuwerenga miyezi ya mayi aone yekha kuti Maria anali pomwepo pa masiku olemetsa otsiriza, pamene kutunga madzi ndi kuwerama pamoto zisanduka ntchito zazikulu.

Ndipo pali china. Atangolonjerana, Elizabeti ananena kuti mwana watakataka m'mimba mwake. Panalibe wina anaona zimenezo, panalibe mboni. Anazimva mwini wake yekha. Maria sanamuuze kuti ndi maganizo chabe a nkhalamba. Anamkhulupirira, ndipo Eklezia wakhulupirira mau a mayi wapakati ameneyo zaka 2,000.

Alipo amayi ena amene mau ao samveka chotero. Mabanja ambiri a m'Malawi ali ndi ana aakazi ku Britain. Ena anapita kukagwira ntchito ya unamwino, ena kukasamala okalamba, ena ku maphunziro. Makolo akamva kuti mwana wao ali ndi pakati kumeneko, mtima ukhala pansi, nati: kuja kuli zipatala zabwino. Nzoonadi, ndipo amayi ofa pa uchembere ku Britain ndi ochepa ndithu poyerekeza ndi a m'maiko osauka. Koma imfa zochepazo sizigwa mofanana. Akatswiri a bungwe la MBRRACE-UK, lotsogozedwa kuchokera ku Oxford, afufuza imfa iliyonse ya mayi wapakati kapena wochira kumene. M'chaka cha 2018 analengeza kuti pa zaka za 2014 mpaka 2016, mwa amayi achizungu 100,000 anafa 8, koma mwa amayi akuda 100,000 anafa 40. Ndiko kunena kasanu. Pa zaka za 2020 mpaka 2022 kusiyanako kunachepa, koma kunali chikhalire pafupi katatu.

Amayi awiri akuda a kumeneko, Tinuke Awe ndi Clotilde Abe, anayambitsa gulu lotchedwa Five X More m'chaka cha 2019. Anthu oposa 180,000 anasaina pempho lao, ndipo aphungu a Nyumba ya Malamulo ku London anakambirana nkhaniyi mu Epulo 2021. Chaka chotsatira gululo linatulutsa zimene amayi akuda oposa 1,300 anasimba za uchembere wao. Ena anayamika azamba okoma mtima. Koma dandaulo limodzi linabwera kawirikawiri: mayi ananena kuti china chake sichili bwino m'thupi, namuyankha kuti adikire, anapempha mankhwala oletsa ululu, namuuza kuti nthawi yake siinakwane, kapena kuti amayi a mtundu wake ndi olimba.

Wina angayese kuti ndi umphawi wokha uchititsa zimenezi. Umphawi uli ndi mbali yake, monganso matenda ena amene mayi ali nao kale, onga kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Koma ku America, kumene kulinso kusiyana kotereku, kunachitika chinthu chotsutsa ganizo limenelo. Serena Williams, katswiri wa masewera a tenisi, mayi wachuma ndi wodziwika pa dziko lonse, anachira mwana wamkazi pa opaleshoni mu Sepitembala 2017. M'mawa mwake anayamba kubanika. Popeza anadwalapo kale nthenda ya magazi oundana m'mapapo, anadziwa chimene chinali kuchitika, napempha kuti amuunike m'chifuwa ndi kumpatsa mankhwala osungunula magazi. Namwino anayesa kuti mankhwala oletsa ululu amsokoneza mutu. Mayiyo anaumirira, ndipo atamuunika anapeza magazi oundana m'mapapo mwake monga ananenera. Ngati mayi wotchuka chotero anayenera kulimbana kuti amveke, nanga mtsikana wa kumudzi, wamanyazi, wolankhula Chingerezi cha kusukulu, adzamveka bwanji?

Apa mpamene nkhaniyi ifika pakhomo pa makolo ndi anamkungwi. Mwana wamkazi alangizidwa kuyambira ku chinamwali kuti mkazi ndi wopirira, kuti wolira pochira achititsa manyazi amai ake, kuti wamkulu sayankhidwa. Kupirira ndi ukoma ndithu, ndipo Eklezia aulemekeza. Koma tsono mtsikana wolangizidwa chotero akafika kwa dotolo amene ali kale ndi ganizo lakuti mkazi wakuda samva ululu ngati ena, zinthu ziwirizo zikomana: uyu akhala chete chifukwa cha ulemu, uyo ayesa kuti kukhala cheteko ndiko kukhala bwino. Mwana wosalira afera mu mbereko. Kubisa matenda si kudzichepetsa kwa Chikhristu ai. Moyo wa mayi ndi wa mwana ndi mphatso ya Mulungu, ndipo lamulo lachisanu, loletsa kupha, lilamulanso munthu kusamala moyo wake ndi wa mnzake. Namwino kapena dotolo wonyozera mau a wodwala chifukwa cha khungu lake achimwira lamulo lomwelo, ngakhale akhale Mkatolika wa pa benchi la kutsogolo.

Akatekisiti pophunzitsa za ukwati asachite manyazi kutchula zizindikiro zimene mayi sayenera kuzipirira: mutu wopweteka kwambiri pamodzi ndi kuona zinthu mwachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, kutaya magazi ambiri, kutentha thupi atachira, kubanika kapena kupweteka m'chifuwa, mwendo umodzi kutupa ndi kuwawa, ndiponso mwana kuleka kutakataka monga achitira masiku onse. Woona zotere apite kuchipatala tsiku lomwelo; akamubweza, apemphe kuonana ndi wina wamkulu. Ndipo asapite yekha. Mwamuna wake, kapena mnzake wa mu mpingo, akhale pambali pake ndi kubwereza mau ake pamene iye mphamvu zamthera. Zakariya anali ndi chifukwa chokhalira duu; amuna a lero alibe.

Koma ntchito ya Maria ifunika koposa mwana atabadwa. Kumudzi mayi akalowa m'chikuta, amai ake ndi azakhali amfunditsira madzi, amthowa, amphikira phala, amlandira mwana kuti agoneko pang'ono. Mwana wamkazi wa ku Manchester kapena Leeds atuluka m'chipatala tsiku limodzi kapena awiri atachira, nalowa m'nyumba yozizira, mwamuna ali ku ntchito ya usiku, amai ake ali kutali, mwina sanaloledwe nkubwera komwe. Azamba amuyendera masiku oyamba, dotolo amuona patapita masabata 6 kapena 8, kenaka zii.

Amayi ambiri agwidwa ndi chisoni ndi misozi masiku ochepa atachira, ndipo chimenecho chitha chokha pasanathe masabata awiri. Koma mwa amayi 10 alionse, mmodzi kapena oposa agwidwa ndi nthenda yeniyeni ya maganizo: tulo sabwera ngakhale mwana agone, chakudya sichikoma, mayi adziyesa wachabe, mwina aopa mwana wake yemwe. Akatswiri a MBRRACE-UK aja apeza kuti pakati pa masabata 6 ndi chaka chathunthu mayi atachira, kudzipha kuli pakati pa zifukwa zazikulu za imfa za amayi ku Britain. Mayi wakuda abisa nthenda imeneyi chifukwa cha mantha awiri: kuti abale adzamuyesa wamisala kapena wolodzedwa, ndi kuti a boma adzamlanda mwana. Tsono Mkhristu asamuuze mayi wotere kuti chikhulupiriro chake nchochepa, kapena kuti ali ndi ziwanda. Ndi nthenda monga malungo, ndipo ili ndi mankhwala ake ndi uphungu wake. Kumpempherera nkoyenera, koma wompempherera atenge kolona m'dzanja limodzi, dzanja linalo amgwire nalo kupita naye kwa dotolo.

Makolo oimba foni kunja aleke kufunsa za mwana yekha ndi za ndalama. Afunse mayiyo ngati agona, ngati adya, ngati alipo womuyendera, ndipo akayankha kuti zonse zili bwino, afunsenso kachiwiri. Amayi a Legio ya Maria ndi a m'miphakati, kaya ku Britain kaya m'maparishi a kumudzi, adziwa bwino kunyamula ufa, sopo ndi nkhuni sabata loyamba, pamene nyumba ili yodzaza kale ndi alendo. Alembe dzina la mayiyo m'buku lao, ndipo agawane masiku okamuona pa mwezi wachiwiri, wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi, pamene za ubatizo zatha, apongozi abwerera kwao, ndipo pakhomo palibenso wogogoda.