Fisi ndi Munda wa Dizilo

Padangokhala Fisi ndi mlamu wake Fulu. Minda yawo inali yogundana malire, ndipo onse awiri ankalima chimanga, mtedza ndi kasoya pang'ono.

Chaka cha 2008, anthu atangomaliza kukolola, kunatulukira Kalulu pa njinga yamoto, tayi ali m'khosi, njere zakuda zili m'thumba. Anaitanitsa msonkhano pansi pa mkuyu.

"Abale anga, mwamva pa wailesi kuti mafuta akwera. Mwezi uno wa Julaye mgolo umodzi wa mafuta osayenga wafika madola 147. Tsono a Njovu akumanga fakitale yofinya njere izi n'kupanga dizilo. Ndi nsatsimanga yomweyi imene makolo athu ankatchingira makola. Siifuna feteleza, siidandaula chilala, imamera ndi pansangalabwi pomwe. Mukabzala kamodzi, basi, muzingothyola ndalama."

Fisi dovu linayamba kuchucha. Paja akuluakulu amati fisi anakana nsatsi, koma uyu sanakane, kaya n'chifukwa choti dzina la mbewuyo limathera ngati chimanga.

Fulu anatulutsa mutu pang'onopang'ono. "Achimwene a Kalulu, ndifunseko. Njerezi zimadyedwa?"

"Ayi, n'zapoizoni."

"Nanga zotsalira mukafinya mafuta, nkhuku zingadye?"

"Zingafe."

"Ogula alipo angati?"

"A Njovu okha. Koma a Njovu ndi a Njovu!"

Fulu anabweza mutu wake m'chigoba. Anatengako njere zodzaza chipewa chimodzi n'kukabzala m'malire mwa munda ngati mpanda, m'katimo n'kupitiriza mbewu zake zakale. Fisi anaseka mpaka kugubuduka. "Alamu, umphawi munaukwatira? Ine munda wonse ndi dizilo!"

Mvula itagwa mu Disembala, wailesi inanena kuti mgolo uja watsika, sukufikanso ndi madola 40 omwe. Fulu anakamuuza mlamu wake. Fisi anati mafuta amatero, adzakweranso. Apa tisamunamizire, ananena zoona: anakweradi.

Chimene Kalulu sananene n'chakuti mtengo wopirira chilala si mtengo wobereka pa chilala. Nsatsimanga pa nthaka yoguga imakhala moyo ndithu, koma zipatso zake n'zowerengeka, ndipo pamapita zaka zingapo isanayambe kubereka mokwanira. Chaka choyamba Fisi anagulitsa mbuzi kuti agule chimanga. Chaka chachiwiri anagulitsa njinga. Zipatso zitayamba kubwera, sizinkapsa nthawi imodzi: nthambi yomweyo, china chachikasu, china chobiriwira, china chouma kale. Iye ndi mkazi wake ankazungulira mundawo sabata ndi sabata, kenako n'kukhala pakhonde kusenda makoko mpaka zala kuchita matuza.

Mu 2011 dziko lonse linali pa mavuto a mafuta. Magalimoto ankagona pa mizere, anthu akuyenda ndi zigubu. Fisi anati nthawi yake yakwana. Anasenza matumba atatu, ulendo kwa Njovu.

Atamva mtengo wa pa kilogalamu, ubweya unaima. "Bwana, mukundinyoza? Dziko lonse likulira dizilo!"

Njovu anatola kamtengo n'kuyamba kulemba pansi. "Khalani pansi, a Fisi, tiwerengere limodzi. Kuti ndipeze lita imodzi ya mafuta ndifunika makilogalamu ngati 4 a njere zanuzi. Ndilipire lole yozitolera m'midzi, thumba pano, thumba uko. Ndigule mankhwala osandutsira mafutawo kukhala dizilo, ochokera kunja. Ndilipire antchito ndi magetsi. Ndikamaliza, lita yanga singadule kuposa ya pa pampu, ndipo mtengo wa pa pampuwo sindiika ndine. Chimene chatsala mukachotsera zonsezi, chigaweni panayi. Ndicho ndakupatsanicho."

"Nanga thukuta langa?"

"Galimoto silimwa thukuta."

Fisi anakalipa nati akagulitsa kwina. Anapita ku msika, amayi ogulitsa nyemba anangomuyang'ana. Anapita kwa mavenda a masikelo, anamuuza kuti iwo amagula zinthu zodyedwa. Dzuwa likulowa anabwerera kwa Njovu, mchira uli pakati pa miyendo, n'kulandira mtengo womwe uja.

Sabata yomweyo kwa Fulu kunali phokoso. Wopanga mafuta ophikira ankafuna soya wake. Woweta nkhuku ankamufunanso. Ngakhale Njovu anatumiza Kalulu kukafunsa, poti soya nayenso amatulutsa dizilo, koma atamva mtengo umene anzakewo ankapereka anabwerera chamsanamsana: pa mtengo umenewo dizilo wake akanadula kuposa wa pa pampu. Fulu anagulitsa matumba ena, ena anasunga kuti ana azimwera phala. Njere za kumpanda kwake anazitolera pa nthawi yake yopuma, ndipo ndalama yake inakwana mchere ndi sopo.

Mwezi wa Febuluwale utafika, njala ili pachimake, Fisi anakazinga njere zotsala n'kudya. Masiku awiri anakhala akuthamangira kuthengo. Tsiku lachitatu anatulukira pakhomo pa Fulu, khasu lili paphewa.

"Alamu, ganyu alipo?"

Fulu anamuonetsa mizere yoti abandire, malipiro ake ndowa ya chimanga. Uku akubandira, Fisi ankasuzumira kutsidya kwa mpanda. Mitengo yake inali gwa, yobiriwira bwino, ndipo ngakhale mbuzi zinkangoilambalala.