Kudenga Akwereko Ndani?

Ku London malo omangapo ndi osowa, choncho banja likakula anthu amayang'ana kumwamba. Kampata ka pakati pa siling'i ndi denga, komwe amaunjikako masutikesi ndi zidole zakale, amakasandutsa chipinda chogona.

Si ntchito yamasewera ayi. Pamafunika zitsulo zolimbitsira pansi, mawindo a padenga, masitepe ndi zitseko zotchinga moto, ndipo zonsezi zimadya mapaundi zikwi makumi angapo. Komanso lamulo la 1996 limati ngati khoma nlimodzi ndi la oyandikana nawo, muwadziwitse musanaliboole. Akakana, akatswiri odzaona khomalo kawirikawiri mumawalipira ndinu.

Koma funso langa lili pena. Tinene kuti mwavutika chonchi chifukwa mayi anu akalamba ndipo mukufuna adzakhale nanu. Chipinda chatha, penti wauma. Nanga mawondo awo aja akwera bwanji masitepe onsewo? Ndiye kuti wina atuluke m'chipinda chake chapansi, akagone kudengako, komwe ukadzuka mosasamala mutu umagunda denga. Ndani ameneyo? Mwana, poti sangayankhe? Kapena inu eni nyumba?

Abale anga, mtengo weniweni wagona apa. Ndalama banki ikubwerekani, mudzabweza pang'onopang'ono. Koma kusiyira wina malo amene unawazolowera, zimenezo palibe angakulipirire. Ambirife timapereka mosavuta chimene chatsala, nkumadzitcha ochereza alendo.

Musanaitane mmisiri, khalani pansi pabanjapo mugwirizane wokwera. Mukalephera kugwirizana, mayiwo adzazindikira tsiku loyamba lomwe, ngakhale sadzanena kanthu.