Mpando wa Sipikala: Mfundo Zofunika kwa Ife a ku Petauke ndi Nyimba

Ndili mnyamata kwathu kufupi ndi Nyimba, bwalo la milandu likakumana pansi pa mtengo ndinkakhala kumbuyo kwenikweni, kumene mwana amaopa ngakhale kutsokomola. Milandu yake inali yomwe ija ya masiku onse: ng'ombe zadya chimanga cha eni, malire a dimba la nthochi, mkamwini wathawa asanamalize kupalira. Zigamulo zake ndinaziiwala kalekale. Amene anandikhalira mumtima ndi mkulu wina, nduna ya mfumu, amene ntchito yake inali kuloza woti ayankhule ndi kukhazika pansi wodula mnzake pakamwa. Iye maganizo ake sankanena. Tsiku lina wozengedwa mlandu anali mphwake weniweni, mwana wa mlongo wake, ndipo inu Ansenga anzanga mukudziwa kulemera kwa ubale umenewo. Anamukhazika pansi kawiri konse, anthu akuona, chifukwa cholowerera mawu a mayi wamasiye amene ankadandaula.

Mkulu uja amabwera m'maganizo mwanga ndikamva pa wailesi mawu a Sipikala ku Nyumba ya Malamulo ku Manda Hill. Ambiri sitidziwa kuti munthu wakuda woyamba kukhala pampando umenewo m'Zambia anali phungu wa kuno kum'mawa, a Wesley Nyirenda, mphunzitsi wobadwa mu 1924, amene ankaimira Fort Jameson, yomwe lero ndi Chipata. Anakhala pampandowo kuyambira kumapeto kwa 1964 mpaka 1968. Pa moyo wawo ndi wa anzawo amene anawatsatira ndatolapo mfundo izi.

1. Pali ukulu umene umafuna kuti munthu ameze mawu ake.

Dzina loti Sipikala limachokera ku mawu a Chingerezi otanthauza woyankhula, komatu m'Nyumba yonse ya Malamulo ndi iye yekha amene saloledwa kulowa m'mtsutso. Dzinali linabadwira ku England, kumene munthuyu ankatumidwa kukanena kwa mfumu zimene aphungu agwirizana, ngakhale zikhale zowawa. Mu Januwale 1642 mfumu Charles I inabwera ku Nyumbayo ndi asilikali kudzagwira aphungu 5. Itafunsa Sipikala William Lenthall kuti anthuwo ali kuti, iye anagwada mwaulemu, koma anakana kuwaloza, ponena kuti maso ake ndi lilime lake m'malo amenewo n'za Nyumbayo, osati zake. Mfumu inabwerera chimanjamanja.

Ganizirani tsono za a Nyirenda. Anali mphunzitsi, munthu wozolowera kuti akayankhula kalasi yonse ikhale chete. Anali wa UNIP pa nthawi imene chipanicho chinali chitangolandira dziko, ndipo nkhani zinali zotentha: masukulu ochepa, Azambia ophunzira owerengeka, ndiponso kuyambira mu Novembala 1965 boma la Ian Smith ku Rhodesia litapandukira Britain, mafuta a galimoto anayamba kuvuta. Pa zonsezi iwo anali ndi maganizo awo ngati wina aliyense. Ntchito yawo inali kupatsa ena mpata wonena zimene mwina iwo akanazinena bwino koposa. Ndimaona kuti kumeneku ndiye kudziletsa kovuta, kuposa kusala kudya.

2. Mapanga awiri avumbwitsa.

A Nyirenda anali Sipikala, komanso anali akadali phungu wa Fort Jameson. Tsono mlimi wa kwa Mpezeni amene mlatho wa kwawo wakokoloka akanadandaula kwa yani? Phungu wake ali pampando wapakati, sangaimirire n'kufunsa nduna funso. Ndipo chisankho chikafika, munthu yemwe dzulo amayenera kusakondera ayeneranso kukwera pachulu n'kupempha mavoti m'dzina la chipani.

Maiko anayesa njira zosiyanasiyana pothetsa vutoli. Ku Ireland Sipikala amatchedwa Ceann Comhairle, ndipo malamulo awo amati Nyumba ikathetsedwa, iye amabwereramo popanda kupikisana ndi munthu, kuti asasowe chonena kwa anthu a kwawo amene sanamumve akuwayankhulira zaka zonsezo. A Frank Fahy, amenenso anali mphunzitsi, anakhala pampandowo kuyambira 1932 mpaka 1951. Kuyambira 2016 aphungu a ku Ireland amasankha Sipikala wawo mwachinsinsi, kuti atsogoleri a zipani asawaone m'manja. Ife ku Zambia tinatsata njira ina. Malamulo a dziko, monga anakonzedwera mu 2016, amati Sipikala ndi wachiwiri wake woyamba asakhale aphungu. Wachiwiri winayo yekha ndiye amachokera pakati pa aphungu, monga anasankhidwira a Moses Moyo a ku Luangeni mu 2021. Njira yathu ndimaikonda chifukwa palibe dera limene limatsala lopanda pakamwa. Koma dzina la Sipikala limabwerabe kudzera kwa Pulezidenti kapena ku zipani, ndipo munthu saiwala dzanja limene linamukweza. Lamulo likhoza kumuchotsera dera, koma ngongole ya mumtima ayenera kuikana yekha.

3. Mpando uja ndi wa amene ali ochepa.

Mfundo iyi ndi imene inandichititsa kulemba zonsezi. Chipani chopambana sichisowa mtetezi. Chili ndi manja ambiri, ndipo povota chidzapambana ndithu. Wofuna mtetezi ndi uyo amene akudziwa kuti agonja, koma akufuna kuti asanagonje amveke.

Nyumba imene a Nyirenda anaitsogolera inachokera ku chisankho cha mu Januwale 1964. UNIP inali ndi mipando 55, ANC ya a Harry Nkumbula 10, ndipo mipando ina 10 inali yosungidwira azungu. Mwana wa Mzambia, amene dzulo lake sankaloledwa kulowa pakhomo la kutsogolo la butchala, tsopano ndiye ankaloza mzungu kuti aimirire ayankhule, ndi kuuza anzake a m'chipani kuti akhale chete amumve. Ndi m'nthawi yawonso, mu 1967, pamene aphungu analowa m'nyumba yatsopano ya denga la mkuwa ku Manda Hill. Dzina la phirilo tonse timalimva, ndi manda. Pamalo otere munthu amayenda mofatsa ndipo sakweza mawu mwachipongwe.

Amene anawalowa m'malo, a Robinson Nabulyato a ku Namwala, nkhani yawo ili ndi mbali ziwiri, ndipo sindibisa mbali iliyonse. Chisankho cha 1968 chitapatsa ANC mipando 23 mwa 105, iwo anakana kuizindikira ngati chipani chotsutsa chovomerezeka, ati n'chochepa kwambiri. Pamenepo ndimati analakwa, chifukwa kuchepa kumeneko ndiko kunafunika chitetezo chawo. Patangopita zaka zochepa, mu Disembala 1972, dziko linakhala la chipani chimodzi. Koma m'zaka zotsatira, pamene kunalibenso otsutsa, munthu yemweyo anadziwika ndi kulola aphungu wamba a UNIP kudzudzula nduna ndi ndondomeko za boma m'Nyumbamo, pa nthawi imene kunja anthu ankayankhula monong'ona. Anachoka mu 1988, a Fwanyanga Mulikita n'kulowa. Ndipo MMD itapambana mu 1991, inakatenganso a Nabulyato n'kuwabwezera pampando, pomwe anakhalapo mpaka 1998.

Chaka cha 1991 chimenecho ife a kuno sitiyenera kuchiiwala. Pa 31 Okutobala dziko lonse linatembenuka, MMD n'kutenga mipando 125 mwa 150. UNIP inatsala ndi 25, ndipo 19 mwa imeneyo inali ya kuno kum'mawa. Chigawo chonse, kuyambira pa mlatho wa Luangwa kudutsa Kacholola, Nyimba, Petauke mpaka Chama, chinaima ndi a Kenneth Kaunda. Tinagona tili eni boma, tinadzuka tili kagulu kakang'ono ka pakona. Ndikukumbukira akuluakulu atazungulira wailesi pa sitolo, wina n'kufunsa kuti, "Nanga za feteleza wathu adzatinenera ndani?" Yankho lake linali m'manja mwa munthu mmodzi, Sipikala, amene akanatha kuona phungu wa Nyimba ataimirira, kapena kuyang'ana kumbali ngati sanamuone. Kuyambira pamenepo sindifunsanso ngati Sipikala ndi wa chipani changa. Ndimafunsa kuti phungu wa chipani chogonja waloledwa kumaliza funso lake kapena ayi.

4. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mu Juni 2017 Sipikala Patrick Matibini anaimitsa aphungu 48 a UPND kwa masiku 30 chifukwa chokana kukamvera Pulezidenti Edgar Lungu akuyankhula m'Nyumbamo. Kuno kwathu, kumene PF inali ndi otsatira ambiri, ena anaomba m'manja. Mu 2022, zinthu zitatembenuka, aphungu 30 a PF anaimitsidwanso masiku 30 pa nthawi ya Sipikala Nelly Mutti, ndipo oomba m'manja aja ndiwo anayamba kulira kuti ufulu wafa.

Sindikunena kuti phungu asamalangidwe. Bwalo lopanda mwambo ndi msika, ndipo ena mwa aphungu athu amachita zinthu zoti mwana wa sukulu atachita angabwezedwe kukaitana makolo. Koma chilango chothamangitsa phungu sichigwera iye yekha. Iye amakapuma kunyumba. Amene amakhala mwezi wathunthu opanda wowanenera ndi amayi oyenda mtunda wautali kupita ku chipatala, ndi alimi amene chimanga chawo chili pa depoti koma ndalama sizinabwere. Anthu a Petauke Central analawako zoterezi mwa njira ina pamene mpando wawo unakhala wopanda munthu mpaka chisankho chapadera cha mu Febuluwale 2025. Choncho ndodo imeneyi iyenera kutuluka mochedwa, ndipo muyeso wake ukhale umodzi kwa onse. Ifenso omvera tisamayese chigamulo poona mtundu wa chitenje cha wolangidwayo.

5. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Tsidya la malire, ku Malawi, a Rodwell Munyenyembe a ku Chitipa anali Sipikala kuyambira 1994 mpaka 1999, n'kubwereranso mu 2004. Mu Juni 2005 aphungu anakangana koopsa ku Lilongwe pa nkhani yofuna kuchotsa Pulezidenti Bingu wa Mutharika. Sipikalayo akuyesa kuwatontholetsa, anagwa m'Nyumba momwemo, ndipo patangopita masiku ochepa anamwalira ku South Africa. Tikamaona mkanjo ndi galimoto timayesa kuti mpandowo ndi wofewa. Mkwiyo wa mbali zonse ziwiri umathera pa munthu mmodzi amene saloledwa kubwezera. Aphungu amene amakuwa kuti aoneke pa wailesi ya kanema azikumbukira kuti akukuwira munthu wa mtima ndi mitsempha ngati iwo.

6. Chilungamo sichiyang'ana kuti wavala thalauza kapena chitenje.

A Catherine Gotani Hara anakhala mayi woyamba pampandowu ku Malawi mu 2019, a Nelly Mutti ku Zambia mu 2021, ndipo a Verona Murphy ku Ireland mu Disembala 2024. Kwa ife a kuno palibe chachilendo, pakuti mafumu aakazi monga a Mwape ku Nyimba ndi a Mwanjawanthu ku Petauke akhala akuweruza milandu ya amuna ndi akazi omwe. Chimene ndimapempha n'chakuti mayi akakhala pampando, timuyese ndi muyeso womwe tinayesera abambo, osaufewetsa ndiponso osauumitsa.

7. Mpando woterewu ulinso pakhomo pathu.

Owerenga ambiri sadzafika ku Manda Hill, koma ambiri ndinu apampando: a kopaletivi ya feteleza, a komiti ya makolo ndi aphunzitsi, a mphakati kapena a chigwirizano cha amayi, a komiti ya chitukuko cha wadi imene masiku ano ikukambirana za ndalama za CDF. Ndakhalapo m'misonkhano yambiri yotere, ndipo matenda ake ndi amodzi. Wapampando amatsegula ndi pemphero, n'kuyankhula yekha ola lathunthu, kenako n'kufunsa kuti, "Pali wotsutsa?" dzuwa litapendeka, anthu ali ndi njala. Mnyamata akakweza dzanja amauzidwa kuti nthawi yatha. Mayi wochokera kumudzi wakutali, amene wadzuka m'mamawa kuti adzanene za mjigo wawo wowonongeka, amabwerera mawu ake ali m'kamwa. Kenako timadabwa kuti anthu safuna kuumba njerwa za ntchito imene akuti anagwirizana.

Inenso ndinachitapo zimenezi. Nditasankhidwa kutsogolera komiti ina ya pasukulu, ndinali ndi maganizo anga pa za nyumba ya mphunzitsi, ndipo bambo wina amene ankafuna kuti tiyambe ndi zimbudzi za atsikana ndinamudutsa katatu ngati sindikumuona. Tinamanga nyumbayo. Chaka chomwecho atsikana angapo akuluakulu anasiya sukulu, ndipo bambo uja sanabwerenso kumsonkhano uliwonse. Mpaka lero zimandipweteka.

A Nyirenda atachoka pampando mu 1968 sanaumirire. Anabwerera kukakhala pakati pa anzawo, n'kukhala nduna ya maphunziro, kumene tsopano iwo ndiwo ankaimirira kuyankha mafunso ndi kukhala pansi Sipikala wina akawauza. Anatsogoleranso komiti ya dziko ya masewera a Olympic, ndipo anakhalabe phungu mpaka 1973. Anamwalira mu 1993, patangopita zaka ziwiri chigawo chawo chitasamukira ku mipando ya otsutsa, aphungu a Chipata, Petauke ndi Nyimba akudikira diso la a Nabulyato kuti aimirire.