Mwana wofunsa buku si wamwano

Tiyerekeze kalasi la Fomu 2 ku Mangochi. Mphunzitsi wangowerenga kuti David Livingstone anatulukira Nyanja ya Malawi m'chaka cha 1859. Mtsikana wina akukweza dzanja: "Aphunzitsi, anaitulukira bwanji nyanja imene makolo athu ankaphamo kale usipa ndi chambo?" M'kalasi monse mwangoti zii.

Kodi mwanayu wachita mwano, kapena wasonyeza kuti waphunzira?

Ambirife tinakula tikukhulupirira kuti zolembedwa m'buku sizitsutsidwa. Kudziwa kuwerenga kunali kutchula mawu molondola ndi kuwaloweza kufikira tsiku la mayeso. Komatu buku lililonse lili ndi mwini wake, ndipo mlembi aliyense amafotokoza zinthu malinga ndi pamene waima. Kwa anthu a ku Britain, Livingstone anatulukiradi nyanja, pakuti iwo sankaidziwa. Kwa eni dera, iye anali mlendo wofunsa njira. Ngakhale dzina lakuti Nyasa, limene azungu analemba pa mapu awo, ndi liwu la Chiyao longotanthauza nyanja. Mtsikanayu wazindikira amene akuyankhula m'bukumo, wazindikiranso amene sanapatsidwe mpata woyankhula. Kumeneko ndiye kuwerenga kwakuya.

Mphunzitsi naye tisamuweruze msanga. Ana ndi ochuluka, silabasi ikudikira, ndipo mayeso a MANEB akuyandikira. Akudziwanso kuti ulemu kwa akulu ndi chuma chosayenera kutayidwa. Koma ulemu umaonekera m'kafunsidwe, ndipo mwana amene wakweza dzanja n'kudikira kuti aloledwe waupereka kale. Kumukalipira n'kulanga maganizo ake, pamene khalidwe lake silinalakwe.

Si kutsutsa kulikonse kumene kuli nzeru. N'chifukwa chake yankho loyenera ndi funso linanso: "Wafunsa bwino, mwanawe. Umboni wako ndi wotani?" Potero mwana amaphunzira kuti wokayika ali ndi udindo wofufuza, ndipo anzake amaona kuti kuganiza kumalemekezedwa.

Mwana yemweyu madzulo awerenga mauthenga a pa WhatsApp olonjeza mankhwala ochiza matenda onse, ndipo m'zaka zochepa adzamvera malonjezo a ofuna mavoti. Tikamuzoloweza kumeza chilichonse cholembedwa, sadzatha kusiyanitsa choona ndi bodza pamene mphunzitsi palibe. Akale anati safunsa anadya phula. Tsono mwana akafunsa, tisakhale ife omutseka pakamwa.